Kodi mchira wa mbululu umathera kuti?

FUNSO: Nthawi ya dzinja ana anga sachoka pathamanda la kuseri kwa nyumba, kugwira ambululu. Iwo akuti mbululu akamasanduka chule, mchira umathothoka n'kugwera m'madzi. Nanga bwanji sitinautolepo? Mayi wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Simudzautola mayi, ngakhale mutasefa thamanda lonselo ndi lichero. Nkhani ya mchira wothothokayi ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo ndamva ngakhale anthu ovala mataye akuinena mosaphethira. Mchirawo umasungunuka pang'onopang'ono. Maselo ake amadzipha okha mwadongosolo, thupi n'kumatola zotsalazo kukamangira ziwalo zina. N'chifukwa chake kachule kosaukako kamatha masiku angapo osadya koma osafa ndi njala.

Nanunso munadutsa momwemo. Muli m'mimba mwa amayi anu, zala zanu zinali zolumikizana, ndipo zinalekana chifukwa maselo a pakati pake anafa pa nthawi yake.

Woyamba kulemba za imfa yotereyi anali Carl Vogt wa ku Germany, mu 1842, ndipo ankayang'ana ambululu omwewa. Nkhaniyi inagona zaka zoposa 100, wina apa wina apo akuikhudza, mpaka mu 1972 pamene John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie ku Aberdeen anaitcha apoptosis. Mu 2002 Sydney Brenner, wobadwira ku Germiston ku South Africa, analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi John Sulston ndi Robert Horvitz. Iwo anagwiritsa ntchito kanyongolotsi kamene kamapanga maselo 1,090, ndipo 131 mwa iwo amafa nthawi zonse, omwewo omwewo.

Tsono selo limadziwa bwanji kuti lero ndi tsiku lake? M'kati mwake muli tizigawo topanga mphamvu totchedwa mitochondria, tokutidwa ndi nembanemba ziwiri zamafuta. Mulinso mapuloteni awiri osamwerana madzi. Bax ndi wakupha, Bcl-2 ndi woletsa. Chodabwitsa n'chakuti Bax akamangoyandama m'madzi a m'selo amakhala wopindana, wofatsa, wosapweteka kanthu. Akangofika pa nembanemba yakunja ya mitochondria amatambasuka, kuzikika m'mafutamo, kuitana anzake, n'kuboola chibowo. Bcl-2 naye amakhala pa nembanemba pomwepo, ntchito yake n'kumugwira Bax asanasonkhane ndi anzake. Zili ngati mlandu wakumudzi: odandaula ndi odandaulidwa atha kupatukirana panjira chaka chonse, koma chigamulo chimagwa pabwalo pokha. Chibowo chikatseguka, puloteni yotchedwa cytochrome c imatayikira kunja n'kudzutsa ma caspase, odula selo lonse m'tizidutswa. Za cytochrome c zimenezi anazitulukira Xiaodong Wang ndi anzake ku America mu 1996.

Apa ndiloleni ndikhazikike, chifukwa m'nembanembamo muli mafuta amene ine amandisowetsa tulo, otchedwa cardiolipin. Mafuta ambiri a m'nembanemba ali ndi michira iwiri, koma awa ali ndi inayi. M'thupi mwathu amapezeka makamaka mu mitochondria, komanso mumawapeza m'nembanemba za mabakiteriya, umboni umodzi wakuti mitochondria anali mabakiteriya amene anamezedwa ndi selo lina kalekale, dziko lisanaone nsomba kapena mtengo. Mu 2002 ofufuza a ku California anaumba timatumba tamafuta m'labotale, n'kuikamo cardiolipin, Bax ndi kapuloteni komuyambitsa kotchedwa Bid. Zitatu zokhazi zinakwana kuboola timatumbato.

Nanga mafutawa anapezeka bwanji? Munthu wake sankafufuza n'komwe za imfa ya maselo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, madokotala oyeza chindoko ankathira magazi a wodwala m'madzi ofinyidwa kuchokera kumtima wa ng'ombe, osadziwa chimene chinkagwira ntchito m'madzimo. Mary Pangborn, katswiri wa m'labotale ya boma ku Albany, New York, ndiye anachipatula, cha m'ma 1941 kapena 1942. Mayeso a chindoko otchedwa VDRL ndi RPR amadalira mafuta amenewa mpaka lero. Dzina la mayiyu simungalipeze m'mabuku a sekondale, amene amajambula nembanemba ngati kamzere chabe kozungulira selo. Kumeneko n'kuwalakwira ana.

Tibwerere ku imfa ya maselo ija. Selo likayamba kufa, nembanemba yake yakunja imatembenuzira panja mafuta ena amene nthawi zonse amayang'ana m'kati. Maselo osesa akawaona amabwera kudzameza mtembowo, popanda chotupa kapena mafinya.

Vuto limabwera selo likakana kufa. Mu 1988 David Vaux, Suzanne Cory ndi Jerry Adams ku Melbourne anaonetsa kuti Bcl-2 akachuluka, maselo oyenera kufa amakhalirira, ndipo khansa zina za m'magazi zimapezerapo mwayi. Mankhwala a venetoclax, amene America inavomereza mu 2016, amam'manga manja Bcl-2 kuti Bax agwire ntchito yake. Mtengo wake ndiye sindiutchula, mungakomoke, ndipo ndimaona kuti si chilungamo kuti mankhwala otere azithera m'maiko olemera okhaokha.