Nsima Yathu Inachokera Kuti?

Lero tikambirana za mbiri ya chakudya chimene timadya tsiku ndi tsiku.

Masiku apitawa ndinabwereka buku lina lotchuka kwambiri, lofotokoza kumene zakudya za pa dziko lapansi zinachokera. Ndinaliwerenga ndi chidwi poyembekeza kupezamo mbewu za agogo anga a ku Katete. Mlembi wake anafotokoza bwino za tirigu wa ku Middle East, mpunga wa ku China ndi mbatata ya kachewere ya ku Peru. Koma atafika pa Africa anangolambalala, ngati kuti makolo athu anali chikhalire, manja lende, kudikira zombo za Azungu kuti adye. Bukulo ndinalitseka nditakhumudwa.

Tiyambe ndi zimene linanena zoona. Chimanga si mbewu ya kwathu kuno. Chinayamba kulimidwa kummwera kwa Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo chinafika m'magombe a Africa m'zaka za m'ma 1500 pa zombo za Apwitikizi. Nshawa, chinangwa, maungu ndi matimati nazonso kwawo ndi ku America. Motero mayi wa ku Vubwi akapereka nsima ndi nkhwani wotendera, zonse zili pamphasapo ndi alendo: ufa, masamba ndi nsinjiro zomwe.

Nanga makolo athu ankadya chiyani alendowa asanafike? Apa ndi pamene bukulo linakhala chete. Akatswiri ofukula zakale, monga David Phillipson amene anakumba m'phanga la Makwe m'boma la Katete, anasonyeza kuti alimi odziwa kusula chitsulo anali atafika kale m'chigawo chino cha Kum'mawa cha m'ma 300. Apo n'kuti kutatsala zaka zoposa 1,000 kuti chimanga chioloke nyanja. Alimi a nthawi imeneyo ankadalira mbewu za mu Africa momwemuno. Mapira anayamba kulimidwa kum'mawa kwa Sudan zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Mawere anachokera kumapiri a Ethiopia ndi Uganda, pamene nzama ndi khobwe zinachokera kumadzulo kwa Africa. Mbewu zimenezi poyamba zinali zomera zakutchire. Anthu a mu Africa ndiwo anazisankha chaka ndi chaka, m'badwo ndi m'badwo, mpaka zinasanduka chakudya cha m'nkhokwe. Ntchito yaikulu yotereyi siyenera kusowa m'buku la mbiri.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mlendo uyu sanachoke, ndipo m'kupita kwa nthawi analanda nyumba. Chimanga chinali ndi ubwino wake: makoko amachiteteza ku mbalame, pamene mapira amafuna ana okhalira kuingitsa mpheta dzuwa lonse. Migodi ya ku Copperbelt itakula kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, inafuna ufa wambiri wodyetsa antchito. M'chaka cha 1960 ku Southern Rhodesia kunatuluka mbewu yobereka kwambiri yotchedwa SR52. Zambia atalandira ufulu mu 1964, boma linakhazikitsa bungwe la NAMBOARD mu 1969, limene linkagula chimanga ndi kugulitsa feteleza pa mtengo wotsika. Mlimi anatsata kumene kunali msika, ndipo mapira ndi mawere anatsalira m'mphepete mwa munda, ofululira mowa basi.

Wina angafunse kuti zakalezi zitipindulira chiyani. Yankho lake lili m'zaka za chilala. Tinaona zimene zinachitika mu 1992. Ndiponso pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga atauma. Chimanga chikasowa mvula pa nthawi ya ngayaye, chatha. Mapira amapirira ng'amba, nayambanso kukula mvula ikabwerera. Munthu amene waphunzitsidwa kuti chakudya ndi chimanga chokha sangaganize zobzala china.

Choncho inu aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Sinda, Katete ndi Vubwi, musadikire mlembi wakutali. Pitani kwa agogo anu, muwafunse mayina a mapira amene iwo ankalima, mmene ankasungira mbewu ndi mmene ankaphikira nsima yake. Lembani zimene akuuzeni. Ndipo ngati ali ndi ngala imodzi pamwamba pa moto, pemphaniko njere zochepa mukabzale.