Injini ya makona atatu imene inameza kampani

Pitani ndi Mazda RX-8 kwa makanika wa pansi pa mtengo kuno ku Lusaka, mumuuze atsegule boneti. Ambiri adzayang'ana, adzakanda m'mutu, kenaka adzakulangizani kuti muicotse injiniyo muikemo ya Toyota. Sikuti nchito saidziwa. Injini ya motoka iyi ilibe mapistoni, ilibe mavavu, ndipo zimene anaphunzira zaka zonse pa ma Corolla sizigwira pamenepo. Kuti kanthu kameneka kafike m'mamotoka, panali anthu amene anabecha ndalama zambiri, ena kampani yathunthu, pa maganizo a munthu mmodzi amene sanakhalepo ndi laisensi yoyendetsera motoka.

Munthuyo ndi Felix Wankel, wobadwira ku Lahr m'dziko la Germany mu 1902. Atate ake anafera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo iye ku yunivesiti sanapondeko. Za makina anadziphunzitsa yekha. Laisensi inamukanika cifukwa maso ake sanali kuona patali. Tisamuyeretse: ali mnyamata analowa cipani ca Nazi, ndipo nkhondo yaciwiri itatha mu 1945 Afalansa anamutsekera kwa miyezi ingapo.

Cimene cinali kumunyansa Wankel pa injini wamba ndi kakwerekwere ndi katsiketsike ka pistoni. Imakwera, imaima, imatsika, imaimanso, ndiye pamafunika zitsulo zina zambiri kuti kugwedezeka kumeneko kusanduke kuzungulira kwa mawilo. Iye anafuna injini imene izingozungulira basi. Ganizirani cikhokho ca nshawa ca mbeu ziwiri. M'kati mwa cibowo ca maonekedwe otero muikemo citsulo ca makona atatu, cotupa m'mbali. Citsuloco cikamazungulira, makona ake amakhudza khoma nthawi zonse, motero pamakhala tizipinda titatu timene timakula ndi kucepa. Kena kakukoka petulo ndi mpweya, kena kakupanikiza ndi kuyaka, kena kakutulutsa utsi. Injini yace ndi yaing'ono, yopepuka, ya zitsulo zocepa, ndipo siinjenjemera.

Kampani imene inakhulupirira zimenezi inali NSU ya ku Neckarsulm. Ca m'ma 1955 inali yoposa onse pa dziko lapansi pa kupanga njinga zamoto, koma inali kuona kuti anthu a ku Germany akayamba kupeza ndalama adzasiya njinga n'kugula mamotoka. Inayamba kugwira nchito ndi Wankel mu 1951, ndipo injini yoyamba inalira pa 1 February 1957. Injiniya wa NSU, Hanns Dieter Paschke, anaisintha kuti ikhale yosavuta kupanga, ndipo mtundu wakewo ndi umene unalowa m'mamotoka, ngakhale Wankel mwini sunamukondweretse. Mbiri inabuka. Curtiss-Wright ya ku America inagula cilolezo copanga injiniyi mu 1958, Toyo Kogyo ya ku Japan, imene lero timaidziwa kuti Mazda, mu 1961, ndipo Daimler-Benz nayo inalowamo. Mu 1970 General Motors, kampani yaikulu koposa ya mamotoka nthawi imeneyo, inavomera kulipira madola 50 miliyoni.

NSU ikanatha kumangodya ndalama za zilolezo. Koma inafuna kuonetsa dziko, ndipo mu 1967 inatulutsa Ro 80, motoka yokongola imene ngakhale lero mukaona cithunzi cake simungakhulupirire zaka zake. Inapambana mphoto ya motoka ya caka ku Ulaya mu 1968. Vuto linali pa makona atatu aja. Pa nsonga iliyonse pali kacitsulo kotsekera mpweya, kogwira nchito yonga ya maring'i a pistoni, ndipo tizitsulo timeneti tinali kutha msanga, makamaka kwa oyenda timaulendo tafupitafupi m'tauni. Mainjini ambiri anafa asanafike makilomita 50,000. NSU inali kuwasintha ulele, injini yathunthu, ena kawiri kapena katatu. Kunabuka nthabwala yakuti eni ma Ro 80 akakumana pa msewu sapatsana moni wamba, koma amakweza zala zosonyeza mainjini amene asinthitsa. Kampani yaing'ono singapirire zotero. Mu 1969 Volkswagen inaitenga n'kuiphatikiza ndi Auto Union, ndipo m'cikwati cimeneco ndi mmene munakulira Audi ya lero. Vuto la tizitsulo linakonzedwa pambuyo pake, koma dzina linali litaipa kale. Ro 80 inaleka kupangidwa mu 1977, atagulitsa mamotoka okwana ngati 37,000, ndipo dzina la NSU linathera pomwepo. Ine ndiona kuti colakwa cao cinali kufulumira: anasandutsa makasitomala kukhala oyesera injini, iwo eni n'kumalipira bilu.

Ku Hiroshima nkhani inayenda mwina. Kuciyambi kwa ma 1960 boma la Japan linali kufuna kuti makampani ang'onoang'ono a mamotoka amezedwe ndi akuluakulu. Tsuneji Matsuda, mkulu wa Toyo Kogyo, anaona kuti kuti apulumuke afunika kanthu kamene Toyota ndi Nissan alibe. Mu 1963 anapatsa Kenichi Yamamoto gulu la mainjiniya 47. Iwonso anakumana ndi makona omwe aja, amene anali kukanda khoma la injini n'kusiya mizere imene anaicha zikhadabo za mdyerekezi. Anayesa zinthu zosiyanasiyana, mpaka mafupa a ng'ombe ndi a akavalo, asanapeze msanganizo wa kaboni ndi aluminiyamu umene unapirira. Cosmo Sport inatuluka mu May 1967.

Apa ndi pamene nkhani ya utsi ilowera. Mizinda ya ku America, makamaka Los Angeles, inali kutsamwa ndi utsi wa mamotoka. Mu 1970 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lotsogoleredwa ndi Edmund Muskie, lakuti pofika 1975 ndi 1976 mipweya yoipa yotuluka m'mamotoka atsopano icepe ndi 90 peresenti. Makampani akuluakulu a ku Detroit analira kuti n'zosatheka. Injini ya Wankel inali ndi mwai umodzi. Moto wake sutentha kwambiri ngati wa m'injini ya mapistoni, motero imatulutsa pang'ono mpweya wa naitrojeni okusaidi, umene unali wovuta kwambiri kuucepetsa. Kuipa kwake n'kwakuti kacipinda koyakira n'kotalika ndi kopyapyala, moto sufika kumakona, ndiye petulo wina amatuluka wosapsa. Mazda inamangirira kang'anjo ku paipi ya utsi, kopoperamo mpweya kuti zotsalazo zipserere momwemo. Zinatheka. Kuciyambi kwa 1973 Mazda inapambana mayeso a ku America a malire a 1975, Detroit ikali kudandaula. Koma kuti kang'anjo kaja kasazime, injini inafunika kupatsidwa petulo woculuka dala. Utsi unayera cifukwa cotentha mafuta ambiri, ndipo pamene petulo anali wochipa palibe anasamala.

Mvetserani zimene Wankel mwini anacita pakati pa cisangalalo conseci. Mu 1971 anagulitsa gawo lake la ndalama za zilolezo pa mamaki a ku Germany 50 miliyoni. Wogula anali Lonrho ya Tiny Rowland, kampani yomwe ija imene kuno kwathu inali mwini wa Times of Zambia ndi moŵa wa Chibuku. Funsani agogo anu za Rowland, ena amukumbukira. Rowland anali wodziwika kuti sagona pa malonda, koma apa anagula msika uli pafupi kugwa.

Mu October 1973 nkhondo inabuka ku Middle East, maiko a Aarabu anacepetsa mafuta, ndipo m'miyezi yocepa mtengo wa mgolo umodzi unacoka pa madola atatu kufika pafupifupi 12. Mwadzidzidzi wogula motoka anasiya kufunsa za utsi n'kuyamba kufunsa za kamwedwe ka petulo. Citroën ya ku France inali itangotulutsa GS Birotor caka comweco. Inapanga 847 cabe, kenaka inayamba kuwagulanso kwa eni ake n'kuwaphwanya kuti isavutike ndi masipeya. Mu 1974 Citroën inagwa, pa zifukwa zingapo kuphatikizapo ndalama zimene inamiza m'injiniyi, ndipo Peugeot inaitola. General Motors inaimitsa nchito yake ya Wankel caka comweco isanagulitse motoka ngakhale imodzi.

Mazda inatsala pang'ono kufa. Mamotoka anaunjikana osagulidwa, banki ya Sumitomo inalowererapo n'kuyamba kulamulira zocitika, ndipo anchito masauzande a m'fakitale anatumizidwa kukagulitsa mamotoka m'mashopu m'malo mocotsedwa nchito. Mu 1979 Ford inagula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a kampaniyo.

Comvetsa cisoni n'cakuti panali wina amene anabecha bwino pa mayeso omwewo. Honda, nayonso yocokera ku njinga zamoto monga NSU, sinataye pistoni. Inangoonjezera kacipinda kakang'ono pamwamba pake, koyakira petulo wokhuthala, kuti moto wake uyatse msanganizo wa petulo wocepa m'cipinda cacikulu. Injini imeneyi, CVCC, inapambana mayeso a lamulo la Muskie mu December 1972, Mazda isanapambane, ndipo siinali kumwa mafuta. Vuto la 1973 limene linagwetsa ena ndilo linagulitsa Civic ku America.

Yamamoto sanaitaye injini yake. Anaicotsa m'mamotoka a banja n'kuiika mmene kumwa petulo kumakhululukidwa, m'mamotoka othamanga. RX-7 inatuluka mu 1978, ndipo mu 1991 Mazda 787B inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans, kampani yoyamba ya ku Japan kutero. Wankel sanaone zimenezo, anamwalira mu 1988. Koma utsi unaitsatirabe. RX-8 inalephera malamulo atsopano a utsi a ku Ulaya mu 2010, ndipo mu 2012 inaleka kupangidwa. Zina mwa izo ndi zimene zinakwera sitima ku Japan n'kufika kuno kudzasokoneza amakanika athu.

Mu 2023 Mazda inaibwezanso m'motoka yochedwa MX-30. Ulendo uno injini ya makona atatu siikhudza mawilo n'komwe. Mawilo amayendetsedwa ndi magetsi, iyo nchito yake ndi kuzungulitsa jenereta yodzaza batire ikatsala pang'ono kutha.