Rolando Schiavi, Mlonda wa Zipata Zambiri

M'dziko la Argentina, kumene maso a anthu amathamangira kwa ogoletsa zigoli, ndipo kumene mnyamata wofika zaka 20 asanatchuke amayesedwa wotsalira, kunali wotchinga kumbuyo wina wamtali, wotchedwa El Flaco chifukwa cha kuonda kwake, amene anayendayenda m'matimu ambiri ndi m'maiko anayi, ndipo ulemu wake unam'peza pamene anzake a msinkhu wake anali kuganiza zopachika nsapato. Dzina lake ndi Rolando Schiavi, wobadwa mu 1973 m'tauni ya alimi ya Lincoln, m'chigawo cha Buenos Aires.

Za ubwana wa mpira wake sitichulukitsa mawu. Anayambira ku Argentino de Rosario, timu ya m'magawo apansi, napita ku Argentinos Juniors mu 1995, kumene analawa kuwawa kwa kutsika mu ligi ndi kukoma kwa kukweranso. Anali ndi zaka 28 pamene Boca Juniors inamuitana mu 2001.

Chaka cha 2003 ndicho chiyenera kufotokozedwa mofatsa. Tsiku lina, timu yake ikusewera ndi Colo-Colo ku Santiago pa chikho cha Copa Libertadores, Schiavi anamva m'mimba mukupota, koma anakukuta mano nakhalabe m'bwalo. Ndipo atatha masewero, madokotala a ku Chile anapeza kuti apendikisi yake inali itatupa, namuchita opaleshoni komweko. Kaya tiutche ukali, kaya uchitsiru, anthu a ku La Bombonera, bwalo la Boca, anam'konda kuyambira pamenepo. Patapita miyezi yowerengeka, iye yemweyo anamwetsa penate yotsekera pamene Boca inagonjetsa Santos 3-1 pa bwalo la Morumbi ku Brazil ndi kutenga chikhocho; ndipo mu December, ku Yokohama, atalimbana ndi Shevchenko wa AC Milan kufikira masewero anatha 1-1, anaimanso patsogolo pa mapenate, nagoletsa yoyamba ya timu yake, ndipo anyamata a mphunzitsi Carlos Bianchi anabwerera kwawo ali akatswiri a dziko lonse lapansi.

Koma mwendo umene unam'kweza ndiwo unam'chititsanso manyazi, pakuti chaka chotsatira, pa ndime yomaliza ya Libertadores yolimbana ndi Once Caldas ya ku Colombia, iye anaphonya penate yoyamba, anzake atatu naphonyanso pambuyo pake, chikho nichoka m'manja mwawo. Anapukuta misozi ndi zikho ziwiri za Copa Sudamericana, za 2004 ndi 2005, ndipo atatero anamanga katundu wake.

Apa ndipo panayamba kuyendayenda kwenikweni. Ku Hércules, m'gawo lachiwiri la ligi ya Spain, sanakhalitse. Ku Grêmio ya ku Brazil anafika nayo timu pa ndime yomaliza ya Libertadores mu 2007, ndipo taonani, adani oimirira patsogolo pake anali a Boca omwewo, abale ake a dzulo, amene Riquelme anawatsogolera kum'kwapula 5-0 m'masewero awiri. Anabwerera kwawo, ku Newell's Old Boys ya ku Rosario, ndipo ambiri anati madzulo am'fikira.

Iwo anaiwala mawu a makolo akuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mu 2009, pamene Estudiantes ya mphunzitsi Alejandro Sabella inatsala ndi masewero anayi okha kuti itenge Libertadores, koma kumbuyo kwake kuli kopereŵera chifukwa cha kuvulala, inapita ku Rosario kukabwereka mkulu wa zaka 36. Ndipo iye, amene anabwera ngati mlendo wa masabata oŵerengeka, anaima nji pamaso pa Nacional ndi Cruzeiro, nanyamula chikho pamodzi ndi kaputeni Verón ku Belo Horizonte, nabwerera ku Newell's monga wantchito amene watsiriza ganyu yake. Mu September chaka chomwecho mphunzitsi Maradona, amene timu yake ya dziko inali kupepesuka panjira ya ku World Cup ya ku South Africa, anam'veka malaya a Argentina kwa nthawi yoyamba, pa masewero a ku Paraguay. Ku chikho chenichenicho sanam'tenge. Amene anaitanidwa pa tsiku la nsautso sanakumbukiridwe pa tsiku la phwando.

Ndipo Boca nayonso, itasauka kumbuyo kwa zaka zingapo, inakumbukira mlonda wake wakale mu 2011. Ali ndi zaka 38, liwiro litam'thera, koma akudziwa poima ndi nthawi yolumpha, anatsogolera otchinga a mphunzitsi Julio César Falcioni kutenga ligi ya Apertura osagonja ngakhale kamodzi, atalola zigoli 6 zokha m'masewero 19. Kwa ine, ichi chiposa ngakhale za ku Yokohama, popeza chikho cha usiku umodzi mwayi ungachipereke, koma kutseka chipata miyezi inayi yathunthu ndi ntchito ya nzeru.

Anakasewera chaka chimodzi ku Shanghai Shenhua ya ku China mu 2013, ndipo pomaliza anabwerera ku Lincoln, kumene anavala malaya a Rivadavia, timu yaing'ono ya kwawo, ali ndi zaka zopitirira 40.