Kamangidwe ka Nyambo za Jig ndi Teaser Powedza Nsomba ya Fluke

Amalonda amene amaitanitsa zipangizo za usodzi kuchokera kunja, makamaka kudzera pa intaneti, amakumana ndi mayina atatu olembedwa pa mapaketi a mbedza: fluke rig, bucktail jig ndi teaser. Unduna ukufotokoza pano tanthauzo la mayinawa, kamangidwe ka zipangizozi komanso nsomba imene anazipangira, kuti wogula aliyense adziwe chimene akutayirapo ndalama zake.

Fluke ndi dzina limene asodzi a ku New York, New Jersey ndi madera oyandikana nawo m'dziko la America amatchulira nsomba ya summer flounder, yomwe akatswiri a sayansi amaitcha Paralichthys dentatus. Ndi nsomba ya m'madzi amchere a nyanja ya Atlantic, ndipo imachuluka kwambiri pakati pa Cape Cod ku Massachusetts ndi Cape Hatteras ku North Carolina. M'miyezi yotentha ya kumeneko, kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala, imayandikira kugombe. Kukayamba kuzizira imabwerera kumadzi akuya. Yaikulu kwambiri yogwidwa ndi mbedza imene inalembedwa m'kaundula inalemera makilogalamu 10 ndi pang'ono, ndipo anaigwira ndi Charles Nappi ku Montauk, New York, mu 1975.

Thupi la nsombayi ndi lophwatalala ngati mbale. Ikangoswa imakhala ndi diso mbali iliyonse monga nsomba zina zonse, koma ikamakula diso lakumanja limasuntha pang'onopang'ono mpaka maso onse awiri akhale kumanzere. Kuyambira pamenepo imagona cham'mbali pansi pa nyanja, ndipo khungu la pamwamba limasintha mtundu kuti lifanane ndi mchenga kapena matope. Imadzikwirira pang'ono, maso okha ali pamtunda, n'kumadikira kuti tinsomba, shrimp kapena squid zidutse. Ikaona chakudya imavumbuluka mwamphamvu n'kuchithamangitsa, pakuti pakamwa pake ndi papakulu ndipo mano ake ndi akuthwa. Kamangidwe konse ka nyambo kakuchokera pa khalidwe limeneli: nsomba yagona pansi, koma maso ake ali kumwamba.

Jig ndi mbedza imene kumutu kwake anaumbirako mtovu. Ya mtundu wa bucktail amaimangirira ubweya wa kumchira kwa deer, nyama ya m'tchire yofanana ndi mbawala. Ubweyawo ukanyowa umatukuka ndi kufota m'madzi ngati kansomba kamoyo. Jig imagwira ntchito ziwiri, chifukwa ndiyo imamiza chingwe komanso ndi nyambo payokha. Teaser ndi mbedza yachiwiri, yopanda mtovu, imene imamangidwa pamwamba pa jig. Ena amaiveka ubweya pang'ono kapena nthenga, ena amangoibaya nyambo yofewa yokhala ndi fungo, monga ya Berkley Gulp, ena kachidutswa ka squid kodulidwa motalika. Zikakhala pamodzi m'madzi zimaoneka ngati nsomba yaing'ono imene ikulondola kanzake kakang'ono kwambiri, ndipo fluke imasankha pa ziwirizo.

Pomanga, msodzi amadula chingwe cha fluorocarbon chotalika pafupifupi mita imodzi, champhamvu yonyamula makilogalamu 9 mpaka 18. Chingwe chimenechi sichioneka kwambiri m'madzi ndipo chimapirira chikamakhuzika pa zigoba ndi miyala. Kunsonga ya pamwamba amachilumikiza ku chingwe chachikulu choluka, pogwiritsa ntchito mfundo kapena kachitsulo kozungulira kotchedwa swivel. Kunsonga ya pansi amamangako jig, ndipo ambiri amakonda mfundo yosiya kabowo kakang'ono kuti jig izigwedezeka momasuka. Kenako, pa mtunda wa masentimita 30 mpaka 45 kuchokera pa jig, amapinda chingwe n'kumanga mfundo yotulutsa kalupu cham'mbali, imene amaitcha dropper loop. Kalupuko amakalowetsa pa diso la mbedza ya teaser, kawirikawiri ya saizi 3/0 mpaka 5/0, n'kukazunguliza kumbuyo kwa mbedzayo.

Mtunda wa pakati pa nyambo ziwirizi ndiwo mtima wa nkhaniyi. Teaser ikayandikira kwambiri jig, mbedza ziwirizo zimakolana nthawi iliyonse chingwe chikamatsika, ndipo msodzi amatha tsiku akumasula mfundo. Ikatalikira kwambiri, imachoka pamalo amene nsomba yogona pansi ingafike mosavuta. Kalupu nakonso kasatalike; masentimita 7 mpaka 10 ndi okwanira, pakuti kakapyola pamenepo kamazengezana ndi chingwe chachikulu. Tiyeneranso kunena kuti dropper loop imafooketsa chingwe pamalo pamene yamangidwa, choncho mfundoyo iyenera kunyowetsedwa isanakokedwe, ndipo iyesedwe ndi manja isanalowe m'madzi. Nsomba yaikulu ikadula chingwe, nthawi zambiri imadulira pamenepo.

Pa kulemera kwa jig, lamulo la asodzi a kumeneko ndi lakuti ikhale yopepuka monga mmene kungathekere, bola izifika pansi. M'magombe osaya, a mamita awiri kapena asanu, jig ya magalamu 14 mpaka 28 imakwana. Panyanja yeniyeni, pamene kuya kumafika mamita 20 kapena 30 ndipo madzi amathamanga, pamafunika ya magalamu 60 mpaka 170. Boti silimangidwa nangula. Amalisiya kuti liziyenda lokha ndi mphepo ndi madzi pang'onopang'ono, msodzi akunyamula ndi kutsitsa nsonga ya ndodo mofulumira kuti jig izidumphadumpha pamchenga. Chingwe chikayamba kupendekera kutali ndi boti, ndiye kuti jig yanyamuka pansi, ndipo ayenera kuika yolemererapo. Jig imene sikugunda pansi, ngakhale ikhale yokongola chotani, sikuwedza kanthu. Mitundu yofala ndi yoyera, yapinki ndi yobiriwira mowala; za mtundu asodzi amatsutsanapo kwambiri, koma za kugunda pansi satsutsana.

Pamalo a miyala kapena pamene pali zombo zomira, ena amamanga jig ndi kachingwe kofookerapo, kuti ikakodwa iduke yokha, teaser ndi swivel zitsale. Vuto lina limabwera nsomba ikafika pa boti. Iyenera kulowa m'kaukonde ka m'manja mutu uli patsogolo, mwakamodzi, chifukwa mbedza imene ilibe nsomba ikakola ukonde poyamba, nsombayo imapeza pokokera n'kupulumuka.

Njirayi ili ndi ubwino wina umene akuluakulu oyang'anira usodzi amauona. Popeza nyambo imakhala ikuyenda ndipo msodzi amamva msanga nsomba ikaluma, mbedza imakola pamlomo, osati m'mimba monga zimachitikira nsomba ikapatsidwa nthawi yomeza nyambo. Izi n'zofunika chifukwa fluke zambiri zogwidwa zimabwezedwa m'madzi. Mabungwe a Mid-Atlantic Fishery Management Council ndi Atlantic States Marine Fisheries Commission ndiwo amayang'anira nsombayi mogwirizana, ndipo chigawo chilichonse cha m'mbali mwa nyanja chimalengeza nyengo yowedza, chiwerengero chimene munthu angatenge patsiku, ndi msinkhu wochepetsetsa wololedwa. Ku New Jersey ndi New York msinkhuwo wakhala cha pa masentimita 45 mpaka 50 m'zaka zaposachedwa. Powerengera, akatswiri amatenga kuti nsomba imodzi mwa 10 zobwezedwa ndi owedza imafa, choncho mbedza yaikulu imene tinsomba tating'ono sitingaimeze imapulumutsa zambiri.

Amalonda a kuno kwathu adziwe kuti fluke sipezeka m'nyanja ya Malawi, ya Malombe, ya Chilwa ngakhale mumtsinje wa Shire. Jig ndi teaser zinapangidwira nsomba zolusa zimene zimathamangitsa zinzake, choncho chambo, chimene chimadya ndere ndi tizomera tating'onoting'ono ta m'madzi, sichingakopeke nazo. Jig zolemera za panyanja yamchere zilinso ndi mbedza zazikulu kwambiri kwa nsomba zambiri za m'madamu ndi m'mitsinje yathu. Mtovu ndi poizoni: jig zisaikidwe pamodzi ndi zakudya m'sitolo, ana asaziseweretse, ndipo wozigwira asambe m'manja asanadye. Usodzi m'dziko muno umayendetsedwa ndi malamulo a boma, ndipo amene akufuna kugulitsa kapena kuyesa chipangizo chachilendo ayambe wafunsa ku ofesi ya za usodzi ya m'boma lake za chilolezo ndi malo ololedwa.