Mbiri ya Njinga ndi Nzeru za Wogula Yakale

Mlimi akagulitsa mbatata, fodya kapena cimanga, kawirikawiri mtima wake umathamangira ku njinga. Sikulakwa ai. Ulendo wa maola atatu pa miyendo, wa njinga amautha m'ola limodzi. Koma njinga yatsopano ndi yodula, ndipo ambiri a ife timayamba ndi yakale imene wina anakwerapo. Apa ndi pamene ena amalira. Ndalama za caka cathunthu zimathera pa citsulo cimene cimagona pakhonde mwezi usanathe.

Njinga sinabadwe tsiku limodzi. Amisiri a maiko osiyanasiyana anaikonza pang'onopang'ono kwa zaka zoposa 70, ndipo ciwalo ciliconse cinabwera kudzathetsa vuto lake. Tikadziwa mbiri imeneyi, tidzadziwanso poyang'ana pogula.

Njinga yopanda mapedulo

M'caka ca 1817, mu mzinda wa Mannheim ku Germany, Karl von Drais anapanga njinga ya mtengo. Inali ndi magudumu awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo, cishalo ndi cowongolera. Mapedulo inalibe. Wokwera anali kukankha pansi ndi mapazi ake. Pa ulendo wake woyamba Drais anayenda makilomita ngati 14 m'nthawi ya ola limodzi. Iye anaonetsa cinthu cimene anthu sanali kukhulupirira: magudumu awiri otsatizana sagwa ngati ali kuyenda.

Njira ya Drais ndiyo yabwino kufikira lero kwa munthu wophunzira. Tsitsani cishalo, khalani, kankhani ndi mapazi pa bwalo losalala, ndipo muzikweza mapazi pang'onopang'ono. Thupi likazolowera, kupalasa sikuvuta. Cotero pogula, yambani mwaona msinkhu wa njinga. Imani pansi njinga ili pakati pa miyendo yanu. Ngati citsulo ca pamwamba cikukanikizani, njingayo yakula. Musaigule cifukwa cakuti ndi yochipa.

Mapedulo ndi timipira ta citsulo

Ca m'ma 1860, amisiri a ku Paris, ku France, anaika mapedulo pa gudumu la kutsogolo. Maina amene timawakumbukira pa nchito imeneyi ndi Pierre Michaux ndi Pierre Lallement. Tsopano munthu anatha kuyenda osaponda pansi, koma njingayo inali yolemera ndi yolimba kupalasa.

Mu 1869 mmisiri wina wa ku Paris, Jules Suriray, anaika timipira ta citsulo pakati pa gudumu kuti lizizungulira mosavuta. Caka comweco James Moore anapambana mpikisano wocokera ku Paris kufika ku Rouen, makilomita 123, pa njinga ya timipira totere.

Timipira timeneti tili mu njinga iliyonse: pakati pa magudumu, m'mapedulo, pa mtanda wa mapedulo ndi pa khosi la handulo. Sitioneka, koma timamveka. Nyamulani njinga, zungulitsani gudumu, ndipo mvetserani. Likamalira ngati mcenga m'mphika, timipira tatha. Gwirani gudumu ndi kuligwedeza uku ndi uku. Citani cimodzimodzi ndi mapedulo ndi handulo. Zabwino zimazungulira koma sizigwedera.

Cheni cipulumutsa makosi

Mapedulo a pa gudumu anali ndi vuto. Kupalasa kamodzi, gudumu linali kuzungulira kamodzi basi. Pofuna liwiro, amisiri a ca m'ma 1870 anakulitsa gudumu la kutsogolo mpaka linafika mita imodzi ndi theka. Wokwera anali kukhala pamwamba ngati mbalame pa mtengo. Gudumu likagunda mwala, iye anali kugwa camutu. Ambiri anathyoka manja, ena anafa. Akazi ndi acikulire ocepa okha ndiwo anayesa kukwera.

Mu 1885, ku Coventry ku England, John Kemp Starley anatulutsa njinga imene anaipatsa dzina lakuti Rover. Mapedulo anawaika pakati, ndipo cheni cinali kutenga mphamvu ya miyendo kupita nayo ku gudumu la kumbuyo. Mano a kutsogolo anali ambiri, a kumbuyo ocepa. Motero gudumu laling'ono linathamanga ngati lalikulu lija, wokwera ali pafupi ndi pansi. Njinga zathu zonse ndi zidzukulu za Rover.

Tsono yang'anani cheni ndi mano ake. Mano abwino ndi ofanana, a nsonga yobuntha. Otha amasongoka ngati minga. Kokani cheni pa mano a kutsogolo. Cikatukuka mpaka dzino kuonekera, catamuka, ndipo cidzayamba kudumpha pa citunda muli ndi katundu. Cheni ndi mano zikatha zimafuna kusintha pamodzi. Cotsani mtengo wake pa ndalama zimene mwini ali kunena.

Mpweya m'matayala

Njinga zoyamba zinali ndi magudumu a mtengo okutidwa ndi citsulo, kenaka matayala a mphira wouma. Zinali kugwedeza mafupa. John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anapangira mwana wake matayala opopa mpweya, ndipo mu 1888 boma linalemba luso limeneli m'dzina lake. Kuyambira pamenepo njinga inafewa, ndipo anthu miyandamiyanda a ku Ulaya ndi ku America anayamba kugula.

Kufewa kumeneku kunalipiridwa ndi magazi. Mafakitale anafuna mphira wambiri. Ku Congo, dziko limene mfumu Leopold II ya ku Belgium inalitenga ngati munda wake kuyambira 1885 mpaka 1908, anthu anakakamizidwa kukama mphira m'nkhalango. Mudzi ukalephera kukwanitsa muyeso, asilikali anali kugwira akazi, kutentha nyumba, kupha ndi kudula anthu manja. Mbiri ya njinga sikwanira popanda anthu amenewa.

Pogula, tayala lotha lisakuopseni, pakuti tayala ndi cubu zimagulidwa. Coopsa ndi limu. Zungulitsani gudumu ndi kuyang'ana pa mabuleki. Limu likamapita uku ndi uku, lapindika. Finyani masipoko awiriawiri. Olefuka pang'ono mmisiri amawakunga, koma limu lodyedwa ndi dzimbiri lilibe mankhwala.

Njinga ifika kwathu

Kwathu kuno njinga zinayamba kuoneka ndi amishoni, anchito a boma la atsamunda ndi eni masitolo. Mwana wa mudzi anali kungoiona ikudutsa. Pambuyo pake amuna ambiri a ku Angónia, Macanga ndi madera ena a Tete anapita kukagwira nchito ku mafamu a ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, ndi ku migodi ya ku Joni. Ena anali kufuna ndalama za msonkho, ena anali kuthawa cibalo. Wobwerako ndi njinga ya Raleigh, yopangidwa ku Nottingham, anali kulandiridwa ngati munthu amene sanapite pacabe.

M'zaka zotsatira kunabwera njinga za ku China ndi ku India. Fakitale ya Flying Pigeon inayamba ku Tianjin mu 1950, ndipo ya Hero inayamba ku Ludhiana mu 1956. Njinga zawo zinatsata maonekedwe a njinga za ku England: zakuda, zolemera, za magudumu a mainchesi 28 ndi mabuleki a ndodo za citsulo. Mtundu umenewu ndi umene wanyamula matumba a ku cigayo, nkhuni, ana a sukulu ndi odwala opita ku cipatala. Ubwino wake waukulu ndi uwu: amisiri a m'misika amaudziwa, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Njinga ya magiya ambiri imakopa maso, koma kacitsulo kamodzi kakathyoka, mudzakapeza kuti? Funsani mmisiri wa kwanu musanalipire.

Tsiku logula

Zonse tanenazi zimasinthika, koma fulemu ndiye msana wa njinga. Yang'anani polumikizira zitsulo, makamaka pa khosi ndi pansi pa cishalo. Mng'alu, citsulo copindika kapena cowocereredwa ndi cizindikiro cakuti njinga inagundidwa kapena inasenzetsedwa mopitirira. Imani kutsogolo muone ngati foloko ili yowongoka. Penti watsopano asakunyengeni, cifukwa amabisa zipsera. Gulani masana, ndipo pitani ndi munthu wodziwa njinga. Ikwereni, gwirani mabuleki onse awiri, ndipo ngati siima, musapite nayo pa msewu musanakonze.

Pali ngozi inanso: njinga yakuba. Wogula amataya njinga, ndalama ndi ulemu pamodzi. Njinga zambiri zili ndi nambala yodindidwa pa fulemu. Iwerengeni nokha. Lembani pa pepala nambalayo, tsiku, mtengo ndi maina anu awiri, ndipo mboni ziwiri zisaine. Wogulitsa akakana pepala, bwererani ndi ndalama zanu.

Musathere ndalama zonse pa njinga. Siyaniko zogulira pampu, zigamba, sipanala ndi mafuta a cheni. Pa msewu yendani ku dzanja la manzere, monga lamulo la dziko lathu linenera, ndipo usiku musayende opanda nyali.

Mafunso

1. Cifukwa ciani amisiri anakulitsa gudumu la kutsogolo?
2. Cheni cinathetsa vuto lanji?
3. Anthu a ku Congo anazunzika bwanji cifukwa ca mphira?
4. Lembani pepala logulira njinga monga mwawerengera pamwambapa.