Ndege

Ana a ku Zingwangwa akamva mkokomo kumwamba amasiya mpira, n'kuloza chakumpoto kumene kuli Chileka uku akukuwa kuti "Ndege! Ndege!" Mawuwa tinabwereka ku Chiswahili, kumene ndege ndi mbalame yeniyeni ya nthenga komanso chombo chouluka. Ife tinatengako tanthauzo lachiwiri lokha, poti mbalame tinali nalo kale dzina lake. Sasintha pochulukitsa: ndege imodzi, ndege zitatu.

Tikati ndege yankhondo, ambiri amaganiza za jeti, zija zong'amba mlengalenga ngati mphenzi. Kwathu kuno asilikali a mumlengalenga akhala akudalira kwambiri ndege za Dornier zochokera ku Germany, zoyendera mapulopela, zonyamula anthu ndi katundu kuchokera ku Zomba.

Imodzi mwa izo, Dornier 228, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024, ndipo Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu anamwalira. Mwezi umenewo, munthu akangoti "ndege ija" m'minibasi, aliyense ankadziwa imene akunena, ndipo mawuwo ankatuluka motsitsa.