Dzina la Francesco ndi Kumene Linachokera

M'dziko la Italy muli anyamata osawerengeka otchedwa Francesco. Potchula timati Franchesko. Ife kuno tilidziwa dzinali m'maonekedwe ena, pakuti Fransisko amene timva pa ubatizo ndi lomweli. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti dzina lolemekezekali linafala chifukwa cha mwana mmodzi amene sanabatizidwe nalo.

Tiyambe ndi mau eni ake. Kale ufumu wa Aroma uli kufooka, mtundu wina wa anthu otchedwa Afranki unaoloka mtsinje wa Rhine ndi kulowa m'dziko la Gaul. Mfumu yao Clovis inalowa ufumu m'chaka cha 481, ndipo m'chaka cha 486 inagonjetsa kazembe wa Aroma pa mudzi wa Soissons. Pang'ono ndi pang'ono dziko lonselo linayamba kutchedwa ndi dzina la ogonjetsawo, ndilo France wa lero. Tsono m'Chilatini mau akuti Franciscus anatanthauza munthu kapena chinthu cha Afranki, ndipo anthu a ku Italy anawapinda lilime nati Francesco.

Mabuku ena a maina anena kuti Francesco ndiye kuti mfulu. Pali chifukwa chake. Popeza Afranki ndiwo anali olamula, osagwira ukapolo, dzina lao linafika potanthauzanso munthu womasuka. Koma ine ndiyesa kuti mabukuwo afulumira. Bambo amene tinene za iye tsopano sanali kuganiza za ufulu ai. Iye anali kuganiza za malonda.

Bamboyo ndiye Pietro di Bernardone, wogulitsa nsalu wolemera wa m'mudzi wa Assisi. Ulendo wake waukulu unali wa ku France, kumene ankagula nsalu za mtengo wapatali. M'chaka cha 1181 kapena 1182 mkazi wake Pica anaona mwana wamwamuna iye ali ku ulendowo, ndipo maiyo anapita naye ku ubatizo namutcha Giovanni, ndiye Yohane. Pobwera Pietro sanalabadire dzinalo. Anayamba kumuitana mwanayo Francesco, monga kunena kuti kamnyamata ka ku France. Nthawi imeneyo dzinali linali losowa ndithu. Tingayerekeze ndi bambo wotcha mwana wake dzina la dziko limene anapezako chuma, kuti onse akumva adziwe kumene mwini nyumba amayenda.

Mnyamatayo anakula monga mwa dzina lake. Ankakonda zobvala zokongola ndi maphwando, ndipo ankaimba nyimbo m'chinenero cha ku France. M'chaka cha 1202 anapita ku nkhondo ya pakati pa Assisi ndi Perugia, nagwidwa, nakhala m'ndende pafupifupi chaka chathunthu. Atatuluka mtima wake unayamba kutembenuka. Tsiku lina anatenga nsalu za atate ake, nakazigulitsa ku Foligno pamodzi ndi kavalo yemwe, kuti akonzere katchalitchi kakugwa ka San Damiano. Pietro anapsa mtima kwambiri, namtengera mwana wake ku bwalo la Bishopu Guido.

Apa ndi pamene pali podabwitsa. Pamaso pa khamu la anthu Francesco anabweza ndalamazo, nabvulanso zobvala zonse naziika pa mapazi a atate ake, nalengeza kuti kuyambira tsikulo atate wake ndi Mulungu yekha. Anakana chuma, anakana cholowa, anakana ndi malaya omwe. Koma dzina la malonda lija, limene linali chizindikiro cha kunyada kwa Pietro, sanalibweze. Sanabwerere ku Giovanni wa ubatizo. Anayenda nalo dzinalo pakati pa akhate ndi opemphapempha kufikira imfa yake pa 3 October 1226. Patangopita zaka ziwiri, m'chaka cha 1228, Papa Gregory IX anamwerengera pakati pa oyera.

Kuyambira pamenepo makolo otcha ana ao Francesco sanalinso kukumbukira France kapena nsalu, koma mmphawi wa ku Assisi. Abale a gulu lake anapita nalo dzinali m'maiko ambiri: ku Spain ndi ku Portugal linakhala Francisco, ku England Francis, ku Germany Franz. Linabwereranso ku France komweko monga François, ndipo mfumu yao ina inalowa nalo ufumu m'chaka cha 1515. Ana akazi a ku Italy atchedwa Francesca, ndipo pa nyumba mnyamata afupikitsidwa kukhala Cecco kapena Ciccio. Pa 4 October chaka ndi chaka aliyense wa dzinali alandira mafuno abwino kwa abale ake, pakuti ku Italy tsiku la woyera wa dzina lako likumbukiridwa monga tsiku lobadwa.

Komabe panapita zaka pafupifupi 800 popanda Papa wosankha dzinali. Woyamba anali Jorge Mario Bergoglio wa ku Argentina, amene atate ake anachokera ku Italy. Analitenga m'chaka cha 2013, nakhala nalo mpaka imfa yake m'chaka cha 2025.